A Zimba ndi Tiyi Wawo wa Masamba

Sabata yathayi tinasonkhana pano kukumbukira apongozi anga, a Zimba, poti chaka chatha chiwagonekere kumanda. Kwa anzathu tsiku lotere silipita popanda mowa. Koma iwo anali mkulu wa mpingo, ndipo ananeneratu adakali ndi mphamvu kuti wofulula mowa m'dzina lawo adzamuyendera kutulo. Nanga ndani angafune mlendo wotero? Tinangoti tikonze tiyi wawo yemwe uja wa masamba. Ndinayesetsa ndithu, koma anthu anachuluka, ndipo nditapita kukalonjera alendo, mayi wina wachifundo anaona mphika uli pambali n'kuubwezera pamoto. Pobwera ndinapeza ukubwadamuka, madzi ali bii. Anthu anamwa n'kumathokoza mwaulemu. Ine nditalawa ndinaseka mpaka misozi, chifukwa ndinachita kuwamva eni ake akuti uyu si tiyi, ndi msuzi wa nkhwani.

Anali munthu wamfupi, wadazi, wa miyendo ya matewe, koma paulendo anyamata ankatsala m'mbuyo. Jekete anali nalo limodzi, lakhaki, lopanda mabatani, ndipo ankalivala ngakhale dzuwa likuswa mtengo. Nyimbo zakutchalitchi ankazikonda zedi, mawu okha ndiwo analibe. Akatsogolera nyimbo, mpingo wonse unkasochera nawo limodzi, koma panalibe wolimba mtima kuwauza.

Ine ndine wa kwa Chikomeni, kwa Achewa. Ndinabwera kuno kwa Mphamba ndili mtsikana, atandilowola mwana wawo woyamba, Mateyo. Kwathu mwamuna ndiye amatsata mkazi, koma kuno ng'ombe zikapita, mkazi ndiye amasenza mtolo. Ndinafika Chitumbuka ndisakuchidziwa, kupatula moni ndi kuthokoza. Pamudzi ponse wodziwa bwino Chinyanja anali a Zimba, ndipo ndiwo amene sindikanatha kulankhula nawo. Mkamwana sakhala pafupi ndi apongozi ake aamuna. Sadya iwo akuona, samwa iwo akuona. Mukakumana panjira amapatukira kutchire, n'kugwada chofulatira mpaka adutse. Ndinapatukira m'chitedze kangapo konse chifukwa cha mdala ameneyu, poti ankangotulukira paliponse.

Iwo mwambowo ankausunga, koma anali ndi njira zawo. Anali ndi galu wowonda, waulesi, amene ankagona pamapazi pawo. Ndikabweretsa madzi, n'kutula mtsuko patali, n'kuwomba m'manja, iwo ankayang'ana galuyo.

"Iwe galu, ukauze anthu ena kuti madzi a lelo ni abwino. Koma adzulo aja anatungila m'chidebe cha nyemba."

Ine ndinkayankha chapansipansi, maso ali kunkhuku zodutsa: "Amva."

Tinkacheza motero, iwo kwa galu, ine kwa nkhuku. Akamaliza kumwa tiyi wawo madzulo, ankayamba kuiwala zinthu. Tsiku lililonse ankaiwala chikho chodzaza tiyi pamwamba pa mtondo, pafupi ndi khitchini yanga, chovundikira bwinobwino ndi tsamba la nthochi. Ndinkachitenga n'kukamwera kuseri. Tsiku loyamba ndinachita mantha, poti m'kamwa munkazizira pomwe madziwo anali otentha. Ndinkaganiza kuti ndi mankhwala. Pofika nthawi yokolola ndinali nditayamba kusuzumira pamtondo dzuwa lisanapendeke n'komwe.

Masambawo ena amati minti. Iwo ankati fudina, monga anamvera kwa Amwenye. Ali mnyamata anagwirapo ntchito ya m'dimba kwa Mmwenye wina wa sitolo ku Fort Jameson, ndipo pochoka mkazi wa bwanayo anawazulira timizu pang'ono. Anatikulunga m'khungwa la nthochi lonyowa, n'kuyenda nato pansi mpaka kuno, akutiviika pamtsinje uliwonse. Nkhani imeneyi ankaikonda, ndipo inkakula chaka ndi chaka. Nditangofika kumene, panjirapo panali fisi mmodzi. Tamala, mwana wanga, atayamba kumva nkhani, fisi uja anali atasanduka mkango, ndipo a Zimba anali atagona mumtengo, timizu tili m'kamwa kuti tisaume. Mlongo wawo, amene tonse tinkati ankhazi, ndiko kuti azakhali m'Chitumbuka, akamva ankangolavula malovu pambali. Mlongo kuno amati adumbu.

"Adumbu, bodza ni tchimo, kumbukilani ndinu mkulu wa mpingo."

"Unalipo iwe?"

Pokonza tiyiyo ndiye panalibe nthabwala. Ankapita okha kudimba, n'kuthyola nsonga zokhazokha, zanthete, zisanachite maluwa. Wina akachokera kogwira fodya sankamulola kukhudza masambawo mpaka asambe m'manja ndi phulusa. Sankawasinja, sankawadula ndi mpeni. Akawatsuka ankawaika pachikhatho n'kuwomba kamodzi, phwa, ati kuwadzutsa. Madzi ankawira m'ketulo yawo yakuda, kenaka ankaiphula n'kudikira kuti aleke kulongolola. Apo m'pamene ankaponyamo masamba, n'kutseka, n'kutsekanso kukamwa kwa ketulo ndi chitsononkho kuti fungo lisathawe. Wotchi analibe. Ankaimba nyimbo imodzi yakutchalitchi, ndime zonse, ndipo ikatha tiyi wapsa. Uchi ukapezeka ankathiramo pang'ono. Ukasowa ankamwa choncho, n'kumati lilime lozolowera kunyengereredwa limaiwala kukoma kwa chinthu. Chachikulu chinali chimodzi: masamba asaone moto. Ankati fudina ali ngati mwana wamanyazi, ukamukalipira amakupatsa zowawa zokhazokha.

Munthu wofulumira sankamupatsa. Akamuona akuyang'ana dzuwa, matako ali theka pampando, ankamutungira madzi ozizira n'kumutsanzika. Koma wokhala pansi ankamwa, kaya ndi wachibale, kaya ndi wongodutsa wopita kuboma ku Lundazi. Alendo onse ankamwera m'zikho. Iwo okha anali ndi kapu yachitsulo yoyera, yosupuka m'mphepete, imene anachoka nayo kwa Mmwenye uja. Kapu imeneyo sinakhudzepo mlomo wa munthu wina, ngakhale wa malemu akazi awo. Ankaitsuka okha n'kuipachika pamsomali mkati mwa chitseko.

Ndewu yawo ndi ankhazi inali ya kudimba, ndipo inali yosatha. Madimba awo anali ogundizana. Fudina ndi chomera chopanda ulemu. Chimayenda pansi pa nthaka osaoneka, n'kukatulukira pakati pa mpiru wa mwini wake. Ankhazi ankazula n'kubwera nacho m'manja, dothi likuyoyoka, n'kuchiponya pamapazi pa mlongo wawo.

"Udzu wanu wabwelanso kudzandiona. Mbuzi yomwe imaukana, inu mumati chakumwa!"

A Zimba ankatola mwakachetechete, n'kusankhamo nsonga zabwino, n'kuthokoza kuti awapeputsira ulendo. Ankhazi ankachoka akupsa mtima koposa mmene anabwerera. Pambuyo pake mdalayo anakwirira miphika yosweka m'nthaka n'kudzalamo fudina wake kuti mizu isadutse. Inadutsabe. Koma ndinaona ndi maso angawa, ankhazi akadya nyemba zambiri mimba n'kufufuma, ankatuma mdzukulu kukapempha "timadzi ta udzu tija". Mawa lake ndewu inkapitirira pomwe inalekezera.

Zaka zomaliza maso awo anachita khungu, kudimba sankafikanso. Ndinkathyola ndine, koma ankanunkhiza tsamba lililonse ngati wogula fodya, ndipo lokhwima ankalibweza. Pa nthawi imeneyo n'kuti ndikukhala nawo pamphasa imodzi, tikumwa pamodzi ndi kuseka, moti alendo ankadabwa akamva kuti ndinabwera pamudzipo ndi ukwati. Mmene zinafikira pamenepo ndiyo nkhani imene ndimafuna isaiwalike.

Mateyo anapita kumigodi ya kumwera Tamala akukwawa. Anabwerako kamodzi ndi bulangete ndi nsalu yanga, n'kubwereranso. Ulendo wachiwiri kunabwera mnzake, atasenza bokosi la Mateyo pamutu, ndipo tisanamve mawu ake tinadziwa kale. Tinalira maliro opanda mtembo. Nthawi yolira itatha, anaitana amalume anga, a Chimwala, kuti abwere kuchokera kwa Chikomeni adzakambe za ine.

Anakhala pabwalo kuyambira m'mawa. Ine ndinali patali, pafupi ndi khola, Tamala ali pamiyendo. Wolankhulira banja la kuno anali ankhazi, ndipo sanazungulire. Anati njira zilipo ziwiri. Ndilowe m'nyumba ya Filimoni, mng'ono wake wa Mateyo, monga chokolo. Ndikakana, ndipite kwathu, koma mwana atsale, chifukwa ng'ombe zinapita ndipo mwana ndi wa kwa Zimba. Amalume anati kwathu mwana ndi wa kwa mayi ake, sanamvepo kuti mwana n'kugulidwa. Ankhazi anati ngati ndi choncho ng'ombe zibwere. Amalume anakanda m'mutu, poti ng'ombezo zinali zitafa kalekale ndi matenda. Anabwereza zomwezo mpaka dzuwa linafika paliwombo.

Filimoni sanali munthu woipa. Anali ndi mkazi wake amene ankamukonda, ndipo tsiku lonselo ankangojambula pansi ndi kamtengo. Koma ine sindinkamufuna, ndipo kusiya Tamala kunali kundidula dzanja. Ndinali ndi mantha amene sindinakhalepo nawo chibadwire. Wondifunsa panalibe, ndipo ngakhale akanandifunsa, sindikanatha kutsegula pakamwa apongozi ali pomwepo. Mwana anayamba kulira kuti ndikumufinya.

A Zimba anakhala pamphasa pawo m'mawa wonse akumvetsera. Mwana wawo anali atamwalira, ndipo nkhope yawo inali itagwa. Mwadzidzidzi anadzuka, anthu ali pakati pa mawu, n'kulunjika njira ya kudimba. Amalume anayang'ana ankhazi.

"Kodi tawalakwila?"

"Asiyeni, apita ku udzu wao. Nyumba ingapse, iwo ali ku udzu."

Anabwerako ndi masamba m'dzanja. Anakoleza moto pabwalo pomwepo, n'kutereka ketulo. Anthu analeka kukangana n'kumangoonerera, ena akung'ung'udza. Anaphula, anadikira, anawomba masamba aja, anatseka. Kenaka anaimba nyimbo yawo, ndime zonse, ndi mawu awo osokonekera aja, osasiyako ngakhale imodzi. Ine mumtima ndinati, mayo ine, mwana wanga akupita, mdala akuimba.

Nyimbo itatha analowa m'nyumba n'kutuluka ndi kapu yoyera ija. Anaidzaza, n'kuiika pamphasa patsogolo pawo. Galu anali pomwepo, koma sanamuyang'ane. Anayang'ana ine, maso ndi maso, koyamba chifikire changa pamudzi uno.

"NyaBanda, mwana wane. Bwela kuno."

Ndinayang'ana kumbuyo ngati kuli NyaBanda wina.

"Nanena iwe. Bwela ni mwana wako, ukhale apa."

Ankhazi anaimirira. "Adumbu, mwazelezeka? Mkamwana pamphasa panu? Anthu onsewa akuona?"

"N'chifukwa chake nadikila kuti aone."

Ndinayenda ndi mawondo bwalo lonselo, Tamala atagwira nsalu yanga. Nditafika m'mphepete mwa mphasa ndinaima, koma anamenya pamphasapo ndi dzanja mpaka ndinakwerapo. Anandipatsa kapu ija ndi manja awiri. Polandira, tiyi wina anatayikira pansalu. Ndinayamba kutembenuka kuti ndimwe chofulatira, monga ndinaphunzitsidwira.

"Yayi, usafulatile. Mwana samwela kuseli kwa atate wake."

Ndinamwa akundiona. Tiyiyo anandiwotcha lilime, ndipo misozi inagwera m'kapu momwemo. Nditafika pakati anatambasula dzanja, n'kulandira kapuyo, n'kumwa wotsalayo mpaka kugugudiza. Mayi wina kumbuyo anafuula kuti kalanga ine, ngati waona njoka.

Atapukuta pakamwa anatembenukira kwa mwana wawo.

"Filimoni, waona?"

"Naona, adada."

"Wamwela m'kapu yanga, nane namwela pomwe wamwela iye. Kuyamba lelo uyu ni mlongo wako. Ungalowe m'nyumba ya mlongo wako iwe?"

"Yayi, adada!" Anayankha mofulumira kwambiri moti mkazi wake, amene anali pakati pa amayi, anaseka mosafuna n'kudzitseka pakamwa.

Kenaka anatembenukira kwa amalume. Anati za ng'ombe ziiwalike, sakuzifuna, poti munthu salipiritsa mwana wake. Anati nyumba ndi munda wa Mateyo ndi zanga. Ndikafuna kukaona abale kwa Chikomeni ndipite ndi mwana wanga, ndikhaleko mmene ndingafunire, ndipo wina asanditsate kudzalanda mwana. Wofuna kundikwatira adzabwere kwa iwo, ndipo iwo adzafunsa ine. Anamaliza ndi mawu ochepa, akuyang'ana pansi.

"Nataya mwana mmodzi kumigodi. Sinifuna kutaya wina pabwalo langa lomwe."

Amalume anabwera atakonzekera ndewu, ndipo tsopano analibe woti alimbane naye. Potsiriza anati zotere sanazionepo, kwawo kapena kwina kulikonse, koma ngati m'ketulomo mwatsala kanthu, nawonso alaweko. Anawathirira m'chikho. Atamwa anakwinya nkhope, n'kunena kuti chikununkha ngati mankhwala a chifuwa, kenaka anapempha china.

Musaganize kuti onse anakondwa. Madoda ena a m'mudzi anati a Zimba aphwanya mwambo, mawa akamwana onse adzayamba kukhala pamipando. Iwo ankangoyankha kuti mwambo unaikidwa kuti usunge anthu, ndipo akauona ukuluma mwana sangaime n'kumauwombera m'manja. Ankhazi ndiye anakwiya kwenikweni. Sanalankhule ndi mlongo wawo mpaka chimanga chinalowa m'nkhokwe, ndipo ngakhale udzu uja utalowa mu mpiru wawo, ankangozula n'kutaya kumtsinje. Ine sanasiye kunditchula mkamwana. Ndikawapatsa moni ankayankha akuyang'ana kumbali. Ndinkawatungirabe madzi, nanga ndikanatani, ndi akuluakulu.

Zaka zotsatirazo zinali zabwino, ndinene zoona. Ndinapita kwa Chikomeni ndi Tamala, ndinakhalako mpaka nditakhuta nkhani za kwathu, n'kubwerera ndekha popanda wondiitana. Ofunsira anabwerapo. A Zimba ankawakhazika pansi, n'kuwapatsa tiyi, n'kuwayang'anitsitsa mmene akumwera. Akachoka ankandifunsa maganizo anga, ndisanayankhe n'kuwonjezera kuti koma ameneyu amamwa ngati ng'ombe. Ndinawakana ndekha, ndinalibe chosowa. Madzulo alionse tinkakhala kuseri kwa nkhokwe, kumene mthunzi umagwera, ng'ombe zikubwera kudambo. Anandiphunzitsa Chitumbuka chenicheni, ndi kundiseka ndikalakwitsa. Ine ndinawauza tsiku lina kuti kuimba sadziwa. Anandiyang'ana modabwa, n'kuseka mpaka kutsokomola, ati zaka zonsezi mpingo wonse unalibe munthu wachilungamo.

Anamwalira mvula itangoyamba, atadwala masiku ochepa, osavutika kwambiri. Kuno pamaliro ana aakazi a womwalira amakhala m'nyumba, pafupi ndi mtembo. Akamwana amakhala kunja, ntchito yawo ndi madzi, nkhuni ndi miphika. M'mawa wa tsikulo mudzi unadzaza ndi abale ochokera kutali, ambiri osadziwa za kapu ija. Mwini mawu anali atagona, ndipo ndinalibe mtima woyambitsa mkangano pamaliro awo. Ndinatenga mtsuko n'kutsata akamwana anzanga njira ya kuchitsime.

Ndisanatuluke pabwalo, ndodo inandipingasa pamiyendo. Anali ankhazi, atakalamba, msana utapindika, maso ali psuu ndi kulira.

"Ukuya kuti?"

"Kumadzi, ankhazi."

"Tula mtsuko uwo."

Ndinatula. Anandigwira padzanja, zala zawo zowuma zikundikanikiza, n'kundikoka kudutsa pakati pa anthu onse aja mpaka pakhomo. Mayi wina wachilendo anafunsa kuti kodi ameneyu si mkamwana. Ankhazi sanamuyang'ane n'komwe.

"Patukani, mwana alowe. Atate ake ali okha mkati."

Anandikhazika kumutu kwa mtembo, pamalo a mwana wamkazi woyamba, iwo n'kukhala pambali panga. Pamenepo m'pamene ndinalira bwino.

Nyumba yawo tsopano yatsekedwa, udzu wa padenga wayamba kuthothoka. Kuseri kwa nkhokwe mthunzi umagwabe nthawi yake, koma amakhalapo ndi nkhuku, zikusamba fumbi. Pamene pankakhala mpando wawo pali timaenje titatu tomwe miyendo yake inakumba, ndipo mvula ya chaka chino yatikwirira pafupifupi tonse. Ng'ombe zimadutsa madzulo popanda wozitchula maina. Tamala watalika kundiposa, ndipo palibe anamuuza kuti azisesapo, koma m'mawa uliwonse amayambira pamenepo asanafike pabwalo lathu. Ine ndimakhala pakhomo langa n'kumamuyang'ana mwana wanga akusesa.